Khoma lolandirira alendo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, ndipo chifuwa cha mayi chinaleka. Ine ndili moyo, kungoti ndatopa mpaka m'mafupa.

Koleji yathu ndi ya boma, yaying'ono, ndipo ife a digiri yachiwiri timakwana patebulo limodzi. Pali namwino amene amawodzera chifukwa amabwera kuchokera kuntchito, bambo wina wopuma usilikali, mtsikana woyendera njinga ya olumala, ndi ine, mlendo ndekha wochokera kunja. Timagwirizana ndithu.

Vuto ndi akuluakulu. Akufuna dziko lidziwe kuti amalandira anthu amitundumitundu, ndiye mitundu yonseyo ndine. Kukabwera alendo, aitane ine. Kujambula zithunzi, ine, ndipo ndiziseka. Ndili m'makomiti ambiri moti ena sindidziwa n'komwe ntchito yake. Kukana ndimachita manyazi, mukudziwa mmene mayi anatilerera.

Sabata yatha mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanga anandiitana. Anati zomwe ndalemba n'zochepa, sizingapite kwa oyesa, choncho ndiwonjezere chaka china. Anafunsa kumene nthawi yanga imapita, chikhalirecho chithunzi changa chili pakalendala kumbuyo kwake. Mapanga awiri andivumbwitsa, Achemwali. Ndinalira m'chimbudzi cha kulaibulale.

Musekeko pang'ono. Pakhoma la polowera alemba mawu olandirira alendo m'zilankhulo zosiyanasiyana. Anandipempha athu, ndinawapatsa akuti Takulandirani. Wopenta anadumpha zilembo, walemba Takulandani, zilembo zake zikuluzikulu zobiriwira. Nditakanena kuofesi, mayi wa kumeneko anathokoza kwambiri, nati nkhaniyi ikufunika kakomiti, ndipo wapampando woyenera ndine. Ndinayankha kuti alisiye khomalo, silinaname.

Pempho langa ndi ili. Nkhululu wanga ndinamulonjeza kuti chaka chino ndibwereratu, ndidzamuperekeze ndekha tsiku loyamba kusekondale. Chonde musamuuze, ndipo alamu asatulutse mawu mwangozi. Ndidzamuuza ndi pakamwa panga Loweruka pafoni. Inu mudzangokhala naye pafupi, chifukwa mwana ameneyu akakhumudwa salira, amangoti chabwino amayi, kenaka n'kukatsuka mbale zotsukatsuka kale. Akadzayamba zimenezo mudzamulande mbalezo, mudzamufukate ngakhale wakula. Yunifolomu mudzamuyese ndinu, siketi ikhale yotalikirapo, akukula msanga.

Moni kwa mayi, kwa alamu, kwa malume ndi ana onse. Mayi muwauze kuti sukulu ikuyenda, zinazi ndidzafotokoza ndekha mtima ukakhala pansi.

Ndine mng'ono wanu,
Make Nkhululu