Njira ya Tabeth Ilibe Basi

Kakumbi,
Mfuwe.

Okondedwa alongo anga a Silas,

Muli bwanji ku Lusaka kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tili moyo, kungoti dzuwa la Novembala latiwamba. Mango apsa, ndiye njovu sizikuchoka kuseri kwa nyumba sabata yonse ino.

Kalata yanu ndinalandira. Mwati nditumize mwana wanga Tabeth kwanuko, mumulembetse ngati wanu, kuti naye azilandira thandizo la basi limene bungwe lanu limapereka kwa ana a sukulu. Zikomo chifukwa cha mtima wanu, koma Tabeth sabwera. Ndipo pali nkhani imene ndi bwino muimve kwa ine musanaimve kuntchito kwanu.

Mafomu a thandizo limenelo anafika kunonso, makolo tonse tinalemba. Yankho linabwera lakuti thandizo ndi la ana okwera basi, osonyeza tikiti. Poti kuno basi ya kusukulu kulibe, akuti ana athu alibe vuto la mayendedwe. Alongo, Tabeth amanyamuka faifi koloko m'mawa, kudutsa m'dambo, kulowa m'thengo lija la mitengo ya tsanya, maola awiri wapansi.

Lachiwiri sabata yatha, iye ndi mnzake Gladys anakumana ndi njovu ya mwana pakhwawa. Pothawa, Gladys anagwera m'khwawamo nathyoka mwendo. Tabeth anamukokera kunsi kwa gombe, anabisala pomwepo mpaka njovu itachoka. Tabeth anafika kunyumba wopanda nsapato kudzaitana anthu. Gladys ali m'chipatala, ndipo mayeso a giredi naini chaka chino salemba.

Lachisanu kunabwera bwana wa bungwe lanu, a Langford, pa galimoto yoyera kudzayendera sukulu. Pamsonkhano wa makolo ananena kuti mwana aliyense akuthandizidwa mofanana, wa m'tauni ndi wa kumudzi yemwe. Mtima unandiwawa. Ndinaimirira osapatsidwa mpata.

Ndinati, "Bwana, mofanana ndi ndani? Ana a mlongo wanga Silas, kalaliki wa mu ofesi yanu, mumawakweza basi pa mtunda umene ine ndimayenda pokatunga madzi."

Inde, dzina lanu ndinalitchula, pamaso pa anthu onse. Sindikubisirani.

Ahedi anandikodola kuti ndikhale pansi, koma sindinakhale. A Langford anati lamulo sanalembe ndi iwo, ndipo popanda tikiti palibe umboni wakuti mwana wayenda ulendo. Ndinawayankha kuti ngati akufuna umboni, atsike ayende ndi ana athu. Anaseka pang'ono nalowa m'galimoto. Pamenepo amake Gladys anapita kukakhala pansi kutsogolo kwa matayala. Ine ndinawatsata, kenako amayi ena mmodzimmodzi. Dalaivala analiza hutala katatu, ife osasuntha.

Mapeto ake bwana anatsika. Ana ataweruka wani koloko, dzuwa lili paliwombo, tinayamba ulendo. A Jairos, sikauti wolondera nyama wa m'mudzi mwathu, anatsogola, bwana ali pakati pa ana ndi nsapato zawo zonyezimira. Poyamba ankacheza. Titalowa m'thengo, macheza anatha.

Pakhwawa tinapeza ndowe za njovu zikadali zofunda, nthambi zothyoledwa kumene. A Jairos anakweza dzanja, tonse tinaima, tikumva mitengo ikuthyoka cha kumadzulo. Titadutsa, Tabeth anawaonetsa pamene anabisala ndi Gladys. Bwana anamufunsa ngati saopa.

Mwana wanga anati, "Ndimaopa tsiku lililonse, bwana. Koma sukulu ili tsidya ilo."

Bwana anafika kumudzi malaya atanyowa ndi thukuta, anamwa madzi makapu atatu osapuma. Sindikunamizani, sanalonjeze kanthu. Anangoti tilembe kalata, koma sangatsimikize kuti ikafika kwa akuluakulu.

Kalatayo talemba, ndi iyo ndaiika pamodzi ndi ino. Makolo onse asaina, osadziwa kulemba adinda chala. Tikupempha galimoto imodzi yonyamula ana m'mawa ndi masana, basi. Alendo odzaona nyama amayenda pa galimoto, wa mfuti ali pambali. Ana athu amadutsa pakati pa nyama zomwezo wapansi, atanyamula mabuku. Atate ake a Tabeth analondera njovu zimenezi zaka khumi ndi ziwiri mpaka tinawaika m'manda. Lero mwana wawo auzidwe kuti alibe tikiti?

Inu mumadziwa chitseko choyenera kugogoda. Kaiikeni kalatayi patebulo la mkulu wa bungwe lanu ndi dzanja lanu. Ndikudziwa mukuopera ntchito, mwinanso mwandikwiyira. Kwiyani, ndife a bere limodzi, tidzakhululukirana. Koma ndikamuchotsa Tabeth kuno, mawa pakhwawa padutsabe ana ena amene alibe malume ku Lusaka. Amayi awo ndingawayang'ane bwanji kuchitsime kapena kutchalitchi?

Mukaona kuti simungathe, mundiuze msanga. Ine ndi amake Gladys tikwera basi ya ku Chipata, kuchoka apo ya ku Lusaka, tidzaipereke tokha. Mudzatipeza titakhala pakhomo la ofesi yanu, ndipo pofika inu ndidzakupatsani moni mokweza ngati mlongo wanga.

Lolemba Tabeth ayamba mayeso. Amayi tagwirizana kuti tiziwaperekeza mosinthanasinthana, tikumenya zitini zoopsezera njovu njira yonse. Muzimukumbukira m'mapemphero.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Maybin ndi azing'ono ake onse. Mulungu akusungeni, ndipo akulimbitseni mtima.

Ndine mlongo wanu,
Edith