Mayi Akufuna Kubwerera Kuphanga

Achimwene Rocco,

Muli bwanji ku Jeremani ndi alamu? Kuno ku Italy, kwathu ku Matera, tilipo, kungoti alendo odzaona malo achuluka moti m'njira mulibe popondera.

Phanga lija linali nyumba ya agogo, momwe anabadwira mayi, analisandutsa malo oonetserako zinthu zakale. Lamlungu mayi anandikakamiza kuti tipiteko. Titangolowa, anachotsa chingwe chotchinga n'kukakhala pabedi lakale limene amaonetsa alendo. Mlonda atawaletsa, anamufunsa kuti, "Iwe ndiwe mwana wa yani? Bulu wathu mwamumanga kuti?" Alendo anaseka, ena n'kumawajambula. Ine sindinaseke, chifukwa pobwerera ankandiitana dzina la malemu mchemwali wawo.

Kuyambira tsikulo sakukhazikika. Amangoima pakhomo atavala jasi, akuti kwada, tizipita kwathu. Adokotala anena zina, koma si zolemba m'kalata.

Musadikire Khirisimasi kuti mubwere, achimwene. Dzina lanu akulikumbukirabe.

Ndine mlongo wanu,
Nunzia