Mawu Anga pa Chimkuzamawu

Lachiwiri, 5 Juni 1984
Ku Balaka, kukajambula sewero la thonje pa kaseti. A Wadson, okonza sewerolo, anandisankha chifukwa cha azana wanga, woitanira anthu ku mapemphero, ku mzikiti wa ku Ntaja, ati mawu anga amafika kutali. M'sewerolo ndine mlimi wodandaula. Ndimati ogula thonje ndi akuba, akuluakulu akudyera pa misana yathu, kenako mlangizi amandikonza pamapeto, ine n'kupepesa.
Mbali ya akuba ija ndinainena monong'ona, monga munthu wanzeru aliyense angachitire. A Wadson anayimitsa makina. "Che Swaibu, iyi si wayilesi ya m'nyumba. Pa chimkuzamawu zonong'ona zimatuluka mphepo yokha. Kwezani, liwu lililonse palokha." Ndinakweza. Tinabwereza mpaka kukhosi kuwawa. Ya basi sanandibwezere.

Lachisanu, 8 Juni
Ndimayesa kaseti ija aziiika pamsonkhano, anthu atakhala pansi, kumva mpaka mapeto. Iyayi. Amangirira chimkuzamawu pamwamba pa galimoto, ikuyenda. Yadutsa pamsika ine ndikufuula za akuba. Pomwe ndimapepesa inali itafika kale kumunsi kumlatho, komwe kuli mbuzi zokhazokha.
Ogulitsa usipa onse kutembenukira kwa ine.

Loweruka, 9 Juni
Yadutsanso, malo omwewo, mawu omwewo. Dalaivala uja ndi mfiti kapena chiyani? Ana ayamba kundiyeseza m'njira. Saida, mayi a kunyumba, akuti pachitsime amayi anzawo anasiya kucheza iwo atafika.

Lachiwiri, 12 Juni
Anyamata awiri a chipani a malaya ofiira pakhonde la telala, kuyang'ana kuno. Sanasoketse kanthu. A shehe andiuza mwaulemu kuti ndipumitse kaye kukhosi, azana achita wina. Zandipweteka kuposa zonse.

Lachinayi, 14 Juni
Ku Balaka, kukapempha kaseti kuti a tcheyamani a chipani amve sewero lonse. A Wadson sanandipatse ndi mpando womwe. Ati kaseti aifufuta, ajambulapo nyimbo za amayi. Ati mawu aja ndinawonjezera ndekha. Munthu amene anandiuza kuti ndikweze.
Ndikuopa, Allah akudziwa.

Lachisanu, 15 Juni
Uthenga wabwera: ndikaonekere kwa a tcheyamani tikatuluka ku mapemphero a Juma, kucheza chabe. Ndauza Saida kuti ndibwera msanga. Iwo akupinda bulangete langa, aika ndi sopo