Foda ya a Digiri

Lolemba, 9 Juni

Zaka zinayi ndikukwawa pansi pa matebulo mu ofesi muno, kulumikiza mawaya, kunyengerera pulinta. Lero ndawauza abwana maso ndi maso: ndikufuna mpando pa tebulo la olemba mapulogalamu. Mapepala a sukulu ndilibe, ntchito ndimaidziwa. Akuti, "Lachisanu utionetse chimene wapanga ndi manja ako." Chabwino.

Chinthucho ndili nacho kale. Kapulogalamu kanga, ndinakatcha tengako. Anzathuwa akafuna foda imodzi m'nkhokwe za pa intaneti zosungiramo mapulogalamu, amatsitsa nkhokwe yonse. Theka la ola ali duu, netiweki ili wefuwefu. Munthu wafuna supuni, wasenza kabati. Kangaka ayi. Ulemba tengako pa sikirini yakuda ija, umata adiresi ya foda, basi. Ibwera foda yokhayo.

Lachiwiri, 10 Juni

Kapulogalamu kanga akayesa lero a Digiri, aja a pazenera, osatha chiganizo asanatchule yunivesite. Masekondi asanu ndi awiri, foda yafika. Anangokweza nsidze. Kenako: "Bwanji sikafunsa kaye kasanaike mafayilo?" Ndawayankha mosapsatira kuti mapulogalamu ofunsa "mwatsimikiza?" amandinyansa. Munthu wamkulu walamula, ufunsenso chiyani? Kamwana kanga katengera ine, sikazungulira.

Kunyumba mayi a ana andipeza kukhitchini ndikuyeserera zokayankhula Lachisanu, manja m'mwamba. Akuti, "Nanga ketuloyo yati muyambe liti ntchito?" Ndaseka mpaka kutsamwa.

Lachinayi, 12 Juni

Dzulo sindinalembe, ndinatanganidwa ndi kutamandidwa. Anthu anayi akukagwiritsa ntchito. Malaya oyera ndasita kale.

Lero ndiye zandigwera.

Foda imene a Digiri anatsitsa Lachiwiri, akhala akuisintha masiku awiri. Ntchito ya kasitomala, yofunika mawa. M'mawa anafuna kuona ngati eni ake awonjezeramo zatsopano. Analemba tengako pamalo omwewo. Kanga sikanafunse. Kanabweretsa foda ya pa intaneti n'kuiika pamwamba pa yawo. Thukuta la masiku awiri, psiti.

Ndipo anayamba kukalipa ndani? Ine. Bwanji simunasunge kwina, munthu wophunzira ngati inu? Mawu atatuluka kale m'pamene ndinamva kupusa kwake. Iwo kuvula magalasi, kupukuta, kuvala, n'kuyambanso mzere woyamba. Bola akanandituka.

Nkhomaliro sindinadye. Ndinakoka mpando n'kukhala pambali pawo, iwo kukumbukira, ine kutaipa. Zala zanga n'zothamanga, mutu wawo ndi wakuthwa, apa ndivomere. Tabwezeretsa magawo atatu mwa anayi. Pepani ndinanena, koma anatuluka ngati munga wa nsomba pakhosi.

Poweruka akuti, "Achimwene, abwana sindiwauza. Koma kamwana kanuko mukaphunzitse kugogoda." Madzulo ano ndakakonza, ndawonjezera mizere isanu ndi umodzi yokha. Tsopano kakapeza foda ya dzina lomwelo, kamaima n'kufunsa. Mizere isanu ndi umodzi, ine n'kukakamira ngati ndikuteteza munda.

Lachisanu, 13 Juni, masana

Tebulo lonse linasonkhana kumbuyo kwanga, abwana kutsogolo, manja m'thumba. Ndinalemba lamulo. Foda inabwera asanamalize n'kutsokomola komwe. Anagwedeza mutu. Nkhani ikanathera pomwepo.

Koma pakamwa pangapa. Sindingakhale pampando wobisira. Ndinaulula za dzulo, zonse, ndi kukalipa kwanga komwe. A Digiri kuyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

Abwana anangoti, "Ndiye wakonza?" Ndinalembanso lamulo lomwelo. Kanaima, kanafunsa mwaulemu ngati mkamwini. Apo a Digiri anati amene sanafufutepo ntchito ya mnzake patebulo limenelo akweze dzanja. Dzanja silinakwere, ngakhale la abwana. Tonse tinangophulika kuseka.

Andipatsa mwezi umodzi woyeserera. Mpando wanga uli pafupi ndi zenera, phewa ndi phewa ndi a Digiri. Mulungu atithandize tonse awiri.

Ndimati ndiyamba Lolemba. Ayi ndithu. Abwana angonditumizira ntchito yanga yoyamba: gawo lachinayi lija tinalephera kukumbukira. Kasitomala akulifuna folo koloko isanakwane, ndipo pano thu yadutsa kale. A Digiri akundikodola ndi magalasi, ndiye...