Mtanda pa Mutu wa Mfumu

Lolemba, 3 Juni

Pepa kabuku kanga, ndikukuvutitsanso. Ndilibe wina womuuza.

Wophunzira wanga Awa sanabwere ku tchesi lero. Ana onse anali pansi pa mtengo wa mango, malo ake okha opanda munthu. Latif akuti bambo ake a Awa, Che Ayub osema mabwato aja, amuletsa.

Lachiwiri, 4 Juni

Chifukwa ndachimva. Loweruka ndinamubwereka Awa bolodi ya tchesi ndi zidole zake kuti akayeserere kunyumba. Bambo ake anaona kamtanda pamutu pa mfumu. Atafunsa za chidole choyandikana ndi mfumuyo, Awa anati, "Ameneyo ndi bishopu." Basi.

Chiphunzirireni tchesi ku loji ya ku Nkhudzi komwe ndinkachapa zovala, kamtandako sindinakaganizirepo. Che Ayub akuyesa kuti ndikukokera ana a Chisilamu ku tchalitchi chathu.

Lachitatu, 5 Juni

Latif ndi Subira nawonso sanabwere. Bolodi ikadali kwa Che Ayub. Tasewera pa katoni ndi zitsekerero za mabotolo.

Lachinayi, 6 Juni

Amene akundisowetsa mtendere ndi Awa. Mwana uja anali wandewu, dzanja patsogolo nzeru pambuyo. Ndinamuphunzitsa kuti ukagwira chidole wasuntha, choncho khalira manja kaye mpaka uganize. Tsopano amakhaliradi, lilime panja pang'ono. Aphunzitsi ake akuti ndewu zinatha, masamu akukhoza. Akasiya, zonsezi zipita kuti?

Ndinafika mpaka pampanda pawo. Ndinamva kasemasema akugunda. Ndinabwerera.

Lachisanu, 7 Juni

Ndapita kwa Che Ayub, atabwera kuchokera ku mzikiti. "Odi" wanga ndinachita kumubwereza chifukwa sanamveke.

"Ndinu aphunzitsi a mitanda aja?"

Ndinati ndi masewera chabe, ngati bawo.

"Bawo ilibe bishopu, mwanangu."

Ndinati mtandawo ndikhoza kuudula ndi mpeni. Anasiya kusema.

"Mudule mtanda wa chipembedzo chanu chifukwa cha mwana wanga? Mayi anu akamva ndikayankha chiyani?"

Pomwepo mlongo wake wa Awa anamulanda chinangwa chomwe ankadya. Ndinati lero pafa munthu. Koma Awa anakhala pansi, manja onse pansi pa ntchafu. Kenako anati, "Dula pakati, undipatseko."

Che Ayub anayang'ana Awa, kenako ine.

"Izi za manjazi ndi inu?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Pitani bwino."

Bolodi sanandipatse.

Loweruka, 8 Juni

Palibe. Mphepo ya mwera yokhayokha.

Lolemba, 10 Juni

Ndikuyala katoni yanga ndinaona Che Ayub akubwera, bolodi kukhwapa. Awa, Latif ndi Subira pambuyo.

Anandipatsa mafumu anga awiri m'manja, mitanda yake ili bwinobwino.

"Amenewa mukasunge kunyumba."

Kenako anatulutsa ena awiri m'thumba, osema okha ku zotsala za bwato. Ina anaiwaula pamoto kuti ide. Mitu yosalala see.

"Mafumu a dazi ngati ine. Bishopu uja muzimutcha nduna."

Ana anaseka. Ine ndinangoti zikomo, kenako zikomo.

Sanachoke. Anakhala pamchenga moyang'anana ndi mwana wawo, nkutambasula dzanja kuti agwire hatchi.

Awa anati, "Baba, khalirani manja kaye."

Anakhalira.