Wondilandira Sanafike

Lachinayi, Salford. Tsiku lolemera, mvula kuyambira m'mawa.

Masana ndikudyetsa agogo a m'chipinda chachisanu ku nyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito kunja kuno, pa TV amaonetsa anthu okhala mu siteshoni ija yozungulira dziko kumwamba. Akuti Amereka, Arasha ndi Ajapani ali pa rota imodzi, ndandanda yolandirana ntchito: sutsika mpaka wokulandira atakwera. Chombo cha owalandira chachedwa, ndiye adikirabe komweko. Agogo anandiloza ndi supuni, amvekere, "Anzakotu awo."

Sindinaseke. Lero lomwe amanejala andiuza kuti tchuthi changa cha Disembala chasunthidwanso, poti mapepala a mayi wa ku Zambia woti andilandire sanatuluke. Kachitatu aka.

Za kumwamba ine sindizidziwa. Koma mayiko osamwerana madziwo akhala pansi, apatsa anthu awo tsiku lina lenileni. Ine andiuza kuti "tiona".

Nditaweruka ndinaimbira mayi a Tadala ku Zomba kuwauza za tchuthicho. Anangoti, "Chabwino, bambo a Tadala," n'kupatsa mwana foni. Ndinamusiya akukwawa, pano akuyankhula. Anandiyang'anitsitsa pa sikirini, kenako n'kutembenukira amake: "Amama, awa ndani?"

Mawa ndikafunsanso za rota yathu, koma ndikudziwa kuti akangoti "tiona".