Dzino la Atate Lili Padenga

Amayi, kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno tili moyo. Chimanga sichinachite bwino kumunda wakumtunda, koma nshawa zinabereka, ndipo thonje atate anakagulitsa ku Sinda. Amayi aang'ono a ku Vubwi ali ndi mwana wamkazi, anamutcha dzina lanu. Sindinapitebe kukamuona. Mbuzi yanu yakuda ija sinasiye kulowa m'khitchini. Ine ndili giredi 10, ndimapita ndi kubwerako ndekha pa njinga monga kale.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi mano a Tisa, mwana wanu wamng'ono uja.

Mutangotisiya, mwanayu ankalira osatonthola, ndipo atate ankasowa pogwira. Tsiku lina anamuthira shuga m'dzanja kuti azinyambita, iye n'kukhala chete. Kuyambira pamenepo shuga ndiye wolera mwana pakhomo pano. Akalira, shuga. Akakana kusamba, shuga. Tulo timamupeza akadali ndi shuga m'kamwa. Ndimakumbukira mmene munkatsekera chitini cha shuga mwamphamvu n'kunena kuti, "Supuni imodzi, Yona, shuga si ndiwo." Masiku ano chivundikiro chake sindidziwa n'komwe kumene chili.

Tsopano mano ake akutsogolo ada m'mbali ngati chimanga chofumbwa, ndipo lina lakumbuyo labowoka. Akamwa madzi a mumtsuko amagwira tsaya. Amatafunira mbali imodzi. Amabisa, koma ine ndimamuona.

Ndinawauza atate zimene tinaphunzira kusukulu, kuti shuga akatsalira m'mano, tizilombo tosaoneka timamudya n'kutulutsa asidi amene amabowola dzino. Iwo anati, "Iwe ndi sukulu yakoyo. Ndi nyongolotsi ya m'dzino imeneyo, imafa ndi fodya." Anatsina fodya wawo wopichira uja, kumunyowetsa, n'kumukanikizira pabowo. Pasanapite nthawi Tisa anachita chizungulire, anasanza pakhonde. Atate anati ndiye kuti mankhwala agwira.

Nditalimbikira kutsutsa, anandiitana pafupi. "Taona kuno. Ndinayamba kusuta iwe usanabadwe. Ukuona dzino lobowoka apa?" Anayasama.

Amayi, sananame. Bowo palibe ngakhale limodzi. Koma ndinaona zimene iwo saona, poti galasi lanu linapita ndi achibale pogawa zovala zija. Mano awo ndi ofiirira, ndipo atalika chifukwa nkhama zathawira pansi. Lina linagwedezeka lilime litangolikhudza. Chimwalirireni inu amasuta kuposa kale, ndudu ina isanazime akupichira kale ina.

Ndinadikira anzanga atuluke m'kalasi, n'kufunsa aphunzitsi a sayansi kuti choipa kwambiri n'chiti, shuga kapena fodya. Anandiyankha kuti chilichonse chili ndi njira yake. Shuga amalimbana ndi dzino lenilenilo, ndipo limapweteka, munthu amadziwa kuti zinthu zavuta. Fodya amadya nkhama ndi fupa logwira dzinolo, mwakachetechete, mwina osatulutsa n'komwe magazi. Ndinaganiza za nkhokwe yathu ija imene inagwa, mizati ikuoneka yabwinobwino pamwamba koma chiswe chitamaliza pansi. Aphunzitsiwo ananenanso china chimene chandisowetsa mtendere. Akuti pa msinkhu wa Tisa kumbuyo kumamera dzino lachikulu limene silimeranso likachoka. Ndamuyang'ana m'kamwa kangapo padzuwa. Sindikutha kusiyanitsa, koma ndikuopa kuti lobowokali ndi lomwelo.

Lamulungu lapitali titachoka kutchalitchi tinakazinga chimanga chouma. Atate akutafuna anangolekeza mwadzidzidzi, n'kulavulira m'dzanja. Linali dzino lawo lapansi, lathunthu ndi muzu womwe. Analikweza m'mwamba akuseka. "Waona, Yona? Loyera m'kati, lopanda bowo!"

Tisa analitsomphola n'kuthamangira panja. Analiponya padenga monga munkatiphunzitsira, n'kufuula kuti khwangwala atenge lakale abweretse latsopano. Kuyambira tsikulo m'mawa uliwonse amawakwera pamwendo. "Atate, yasamani ndione ngati lamera." Poyamba ankaseka. Dzulo sanayasame. Anamutsitsa pang'onopang'ono, n'kupita kuseri kwa khola. Tsopano ndi kumeneko kumene akusutira, pakhonde asiya. Fodya sanamuikenso m'dzino la Tisa. Koma madzulo atayamba kulira ndi tsaya lija, dzanja lawo linapitanso kuchitini. Ndikuganiza kuti sadziwa njira ina, Amayi. Inenso sindiidziwa. Inu munkangomuika kumsana, basi.

Lolemba sindipita kusukulu. Ndimukweza Tisa pa njinga kupita naye kuchipatala ku Katete akamuone adokotala a mano. Atate sindinawauzebe. Ndiwauza mawa tikamakonza denga la khola, chifukwa manja awo akakhala pa ntchito sakalipa msanga. Ndikufuna ndiwapemphe kuti tipitire limodzi, ati kuti akagwire mwana. Mwina akakafika kumeneko nawonso akayasama. Ndikuopa kuti akakanena kuti la Tisa lizulidwe, mwanayu adzandifunsa ngati nalonso tikaliponye padenga, ndipo sindikudziwa chimene ndidzamuyankhe.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse. Chivundikiro chija ndichifuna mpaka ndichipeze, ndipo chitini ndizitseka ndine. Akalira ndizimubereka kumsana, ngakhale miyendo yake yayamba kundifika m'mawondo.

Ndine mwana wanu,
Yona